Makoyilo Analibe Mlandu

Kagalimoto kanga kanayamba matenda Lachiwiri lina mu November 2024, pamalo oimika magalimoto kuntchito kwathu ku City Centre. Inali itakwana 5 koloko, kumwamba kutada bii, aliyense akuthamanga kuti mvula isamupezere panjira. Ndinalowa, chikwama n'kuponya kumbuyo, kiyi n'kupotokola. Tha! Kenako zii. Magetsi a pa dashibodi onse ali ngwee, wailesi ikuyankhula bwinobwino, koma injini osagwedezeka n'komwe. Ndinapotokolanso. Tha! Kachitatu, chimodzimodzi. Kachisanu kanalira ngati sikanalakwe kanthu, ine n'kumapita kunyumba ndikudzinamiza kuti mwina kanangozizidwa.

Kuzizidwa mu November, ku Lilongwe. Inu mukundimva.

Lachinayi ndiye kanandiyalutsa. Mukukumbuka mmene mafuta ankavutira miyezi imeneyo, anthu kugona pamizere ngati pamaliro. Ndinali nditakhala pamzere kuyambira 4 koloko m'mawa, ndipo itakwana nthawi yoti ndisendere pa pampu, tha! Kumbuyo mahutala anayamba kulira. Anyamata a zigubu anabwera kuti andikankhe, wina atasuzumira mkati n'kukuwa kuti, "Ndi ya otomatiki iyi, siilira chokankha!" Anangondikankhira pambali ngati ngolo, minibasi imene inali kumbuyo kwanga n'kulowa pamalo panga. Kanadzalira patapita mphindi khumi. Mafuta anali atatha.

Tsono apa ndi pamene nkhaniyi imandichititsa manyazi. Ine ndili ndi amalume, alongo awo a mayi anga, amene akhala akukonza zamagetsi a galimoto mu Area 4 kuyambira ndisanabadwe. Kwathu ku Mitundu timati atsibweni, anzanga a m'tauni angati ankolo. Kuchokera ku ofesi kwathu kukafika pamene amagwirira ntchito ndi mphindi khumi ndi zisanu basi, msewu ukakhala kuti wachita chifundo. Koma ndinali nditatha zaka zisanu ndi chimodzi osapondako.

Bambo anga atamwalira ndili Sitandade 6, amalumewa ndi amene anabwera kumudzi kudzanditenga. Ndinakulira kwawo ku Kawale, m'nyumba ya zipinda ziwiri imene inkanunkhira girizi ndi vanishi ngakhale azakhali akolope chotani. M'mawa uliwonse ankapalasa njinga kuwoloka mtsinje wa Lilongwe kupita kuntchito, madzulo n'kubwera ndi chitsulo china chake pakaliyala, choti amalizitse usiku. Ntchito yanga inali kugwira chikulunga cha waya wa kopa, iwo akuzunguliza, ine ndikuwerenga mokweza. Ndikasokoneza chiwerengero tinkamasula n'kuyambanso. Fizi yanga yonse ya ku sekondale inatuluka m'masitata ndi m'maalutaneta a anthu, ndipo nditasankhidwa kupita ku yunivesite ku Zomba, anagulitsa makina awo owotcherera zitsulo kuti ndipeze poyambira.

Tsiku lolandira digiri, mu 2018, ndinali ndi makadi awiri oitanira alendo. Imodzi ndinapatsa mayi. Inayo ndinapatsa bambo anga aang'ono, amene ankagwira ntchito m'boma ndipo anali ndi galimoto. Ndinadziuza kuti nkhani ndi ya thiransipoti. Nkhani yeniyeni inali manja. Manja a amalume ali ndi mizere yakuda imene ngakhale sopo wamtundu wanji sangachotse, ndipo ine ndinali ndi chibwenzi cha ku Area 10 chimene makolo ake ankabwera tsiku limenelo. Mayi anadzandiuza pambuyo pake kuti amalume anali atagula kale jekete pa kaunjika pa msika wa Tsoka. Iwo eniake sananene kanthu. Chibwenzicho chinatha chaka chomwecho. Ine ndinkangotumiza moni wa Khirisimasi pa foni, nthawi zina kandalama pang'ono, koma kupita pamaso pawo kunkalemera chaka ndi chaka ngati ngongole ya katapila.

Ndiye m'malo mopita ku Area 4, ndinapita pa YouTube.

Ndinalemba m'Chingerezi kuti galimoto ikumakana kulira nthawi zina. Anabwera azungu a ku America ovala magolovesi abuluu, aliyense atanyamula koyilo, akulumbira kuti vuto ndi limeneli. Sindinamvetsere bwino kuti iwo ankanena za injini imene ikutembenuka koma osagwira moto. Ndinangomva "koyilo" basi mtima n'kukhala pansi, chifukwa mawuwo ndinkawadziwa. Pajatu ine ndinakhoza Physical Science ndi 2 pa MSCE. Ndinkakumbukanso chithunzi cha m'buku: waya wopotana ngati sipuling'i, timivi tikulowa uku n'kutulukira uko. Pansi pake analemba kuti solenoid. Aphunzitsi anati koyilo ndi waya wozungulizidwa, solenoidi ndi koyilo yaitali. M'mutu mwanga ziwirizi zinali ngati thobwa ndi maheu, kusiyana dzina chabe.

Lachisanu ndinathawa kuntchito masana n'kutsetserekera ku Biwi, kumene aliyense wa galimoto yakutha mu Lilongwe amakathera. Mnyamata amene ndinamupeza pa shopu ina ndisamunamizire, anayesetsa. Anandifunsa kuti, "Biggy, ikutembenuka koma osagwira, kapena siikutembenuka n'komwe?"

Ine, nditavala tayi, ndinati, "Aise, ingondipatsa makoyilo anayi. Ndafufuza kale."

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana tayi, n'kukatenga makoyilo. Mtengo wake sindiulemba pano. Mungokumbukira kuti chichokereni November 2023, pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, chilichonse chochokera kunja chinasanduka golide. Ndalama imene ndinapereka inali yomwe ndinasunga kuti nditumize kumudzi ya feteleza wa mayi, pafupifupi matumba awiri, mvula itayamba kale kugunda. Ndinati ndibweza mwezi ukatha.

Kuika makoyilo a galimoto za masiku ano n'kosavuta, kabawuti kamodzi ndi kasoketi pa iliyonse. Ndinaika ndekha madzulo omwewo, n'kujambula manja anga ali ndi kagirizi pang'ono, n'kuponya pa status ya WhatsApp. Ndinapotokola kiyi, kanalira kamodzin'kamodzi. Ndinagona ngati injiniya.

M'mawa mwake, Loweruka, ndinapita kukagula zinthu ku Old Town. Ndinaimika pa mashopu ena mu Area 4, kufupi ndi msewu wa Paul Kagame, umene amalume mpaka lero amautchula kuti Chilambula ngakhale dzina linasintha mu 2007. Pobwerera, tha! Ndinayesa kakhumi. Kamakumi awiri. Nyama ikusungunuka m'jumbo, thukuta lili kamukamu. Mlonda wa pamalopo anabwera n'kugogoda pawindo mwaulemu.

"Bwana, musavutike. Kuseri uku kuli madala ena ake, pa zamagetsi ndi madolo. Ndikakuitanireni?"

Ndinadziwa madala ake. Ndinati ndipita ndekha.

Ambiri a inu Area 4 mumaidziwa cha kumaso: mashopu akuluakulu, mabanki, malo odyera a magalasi. Mukalowa timisewu ta kumbuyo mumapeza Area 4 ina, ya nyumba zosungiramo katundu, magaraji, okonza matayala, owotcherera zitsulo, chiwaya cha tchipisi pakona, ndi amayi a pamemo amene amadyetsa anthu onsewa masana. Amalume anagwirapo ntchito pa garaji ina yaikulu zaka zambiri, ndipo itachepetsa anthu, anapempha kakona kuseri kwa garaji ina yaing'ono. Ndi pomwe ali mpaka pano: kadenga ka malata anayi, benchi yachitsulo, vayisi, batire lakale, ndi babu la mawaya awiri limene ndi dokotala wawo wamkulu.

Ndinawapeza ataweramira pa vayisi. Tsitsi lonse linali litachita mbuu. Magalasi awo mbali imodzi anamanga ndi waya wa kopa.

"Odi, amalume."

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi, nthawi yaitali ndithu.

"Eee, a bwana. Mwaswera bwanji? Tikuthandizeni chiyani?"

Munthu amene ankandikwecha msana ndi mwala pondisambitsa, lero akunditchula kuti inu. Bola akanandiwaza mbama.

Ndinafotokoza mwachibwibwi. Sanafunse zambiri. Anakulunga masipanala atatu m'kansanza, n'kutenga babu lawo lija, tinayenda limodzi mpaka pa galimoto osayankhulana. Anatsekula boneti, n'kugwedeza mitu ya batire kuti aone ngati yamasuka.

"Lizani."

Tha!

"Yatsani magetsi akutsogolo. Lizaninso."

Tha! Iwo anali ataima kutsogolo akuyang'ana magetsiwo. Sanaphethire n'komwe, anangokhala owala momwemo.

"Batire lilibe vuto," anatero.

Apa ndinafuna ndionetse kuti nanenso sindinangokhala. "Dzulo ndasintha makoyilo onse anayi, amalume."

Anakhala chete. Anasuzumira pamwamba pa injini, n'kugwira imodzi mwa makoyilo atsopanowo ndi chala chimodzi, ngati mmene munthu amagwirira mwana wa eni ake.

"Akalewo anakulakwirani chiyani?"

Ndinalibe yankho. Anandiuza kuti nditulutse sipanala ya matayala, n'kuilowetsa pansi penipeni pambali pa injini. Anati ndipotokole kiyi n'kugwira pomwepo. Ndinamva go! go! kawiri, injini n'kulira nthawi yomweyo. Mlonda uja anawomba m'manja. Amalume anangoti, "Musazimitse. Tiyeni nayo kuseri."

Podikira kuti injini izizire, anachita chinthu chimene sindinachione chiyambire ndili mwana. Anatola chibolopeni chotha, n'kuchotsa za mkati kutsala chubu chokha. Anazunguliza waya wopyapyala pachubupo maulendo ambirimbiri, manja akuyenda okha, maso ali kwina. Kenako anatenga msomali n'kuulowetsa theka lokha m'chubumo. Atagunditsa nsonga ziwiri za wayayo pa batire, msomali unadumphira mkati wokha, tswi! Atachotsa waya, anaukoka n'kutuluka bwinobwino. Anagunditsanso, unalowanso.

"Solenoidi ndi imeneyo," anatero. "Waya wozungulizidwa, pakati pali mphako, mumphakomo muli chitsulo choti chiziyenda. Magetsi akalowa, waya amasanduka maginito, chitsulo chimakokedwa. Mukamva kuti tha, ndi chitsulo chimenecho chikumenya."

Anapitiriza akumasula sitata. Anati pamsana pa sitata pamakhala kachitini, ndiye solenoidiyo. Mukapotokola kiyi, mumangotumiza timagetsi tochepa kukachitiniko. Chitsulo cha mkati chikakokedwa chimagwira ntchito ziwiri pa kamodzi. Mbali imodzi chimakankha kagiya kakang'ono, kamene amakanika amati bendix, kuti kakalumane ndi mano a flywheel ya injini. Mbali inayo chimakanikiza kambale ka kopa pa tizitsulo tiwiri ta kopa, n'kutsegula njira yoti magetsi ambiri a m'batire, ma amp oposa 100, athamangire mu mota ya sitata. Magetsi ochuluka chotero atati adutse pa kiyi, kiyiyo ingasungunukire m'manja mwanu. N'chifukwa chake pamafunika wapakati.

"Ndiye yanuyi ikumenya ndithu, kusonyeza kuti waya wake ndi wamoyo. Koma ikamenya, magetsi sakuwoloka. Mlatho wathyoka. N'chifukwa chake magetsi akutsogolo aja sanagwe mphamvu, palibe chimene chimakoka. Likanakhala batire lofooka mukanamva tha-tha-tha-tha motsatizana ngati makina osokera, magetsi akuphethira."

Ndinafunsa, mawu ali pansi, kuti nanga koyilo imatani.

Anatambasula dzanja pa shelefu n'kutsitsa chinthu chooneka ngati chitini cha zakumwa, chodulidwa pakati ndi sowo. Inali koyilo ya galimoto zakale, za nthawi imene injini yonse inkadalira koyilo imodzi ndi distributor yogawira moto kumapulagi. Mkati munali chitsulo pakati, ndi mawaya a mitundu iwiri. Wina wonenepa, wozungulizidwa maulendo mazana ochepa. Wina wopyapyala ngati tsitsi, wozungulizidwa maulendo masauzande ambirimbiri.

"Gwedezani."

Ndinagwedeza.

"Mwamva chikuyenda?"

"Ayi."

"Mu koyilo mulibe choyenda. Chikayenda ndiye kuti yafa."

Anati magetsi a batire, ma volt 12 aja, amalowa mu waya wonenepayo n'kupanga maginito m'chitsulo. Kenako amadulidwa mwadzidzidzi. Kale ankadula ndi ma points, lero imadula ndi kompyuta ya galimoto. Maginito aja akamagwa mothamanga chotero, amadzutsa magetsi mu waya wopyapyala uja, ndipo popeza wazungulira kambirimbiri, amatuluka ma volt oposa 20,000. Mphamvu imeneyo ndi imene imadumpha kampata ka pa pulagi, kotalika pafupifupi milimita imodzi, n'kuthetheka moto woyatsa petulo.

Ndiye solenoidi imagwira ntchito magetsi akalowa, koyilo imatulutsa moto magetsi akadulidwa. Ina imasandutsa magetsi kukhala chikoka, inayo imangosandutsa magetsi ochepa mphamvu kukhala aukali. Koyilo ikafa, injini imatembenuka bwinobwino, tche-tche-tche-tche, koma osagwira. Kapena ikafa imodzi mwa zinayi, galimoto imalira koma ikunjenjemera ngati ya malungo, ikudya mafuta, pokwera chitunda ikutsokomola. Yanga sinkachita chilichonse mwa zimenezi. Ikalira inkayenda myaa. Funso la mnyamata wa ku Biwi lija linali lomweli, ndipo linali laulere.

"Ikanakhala ya manual," anawonjezera amalume, "anyamata akanakukankhani n'kulira, inu n'kudziwiratu kuti moto ulipo. Koma inu a masiku ano mwendo wakumanzere mumausunga."

Aka kanali koyamba kumva kanthabwala m'mawu awo, ngakhale kanabwera katavala "inu".

Aphunzitsi anga a Physical Science sananame, ndiwayeretse. Solenoidi iliyonse ili ndi koyilo mkati mwake, ndipo m'mabuku dzinali limatanthauzadi waya wozungulizidwa motalika ngati paipi. Analipeka ndi André-Marie Ampère wa ku France m'zaka za m'ma 1820, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza paipi kapena ngalande. Izi zinali Hans Christian Ørsted wa ku Denmark atangoona, mu 1820, kuti waya wodutsa magetsi amagwedeza kasingano ka kampasi. Mu 1831, ku London, Michael Faraday anazunguliza mawaya awiri osakhudzana pa mkombero umodzi wachitsulo, n'kupeza kuti waya wachiwiri amalandira magetsi pa kanthawi kamene woyamba akulumikizidwa kapena kudulidwa basi, pakati ponsepo zii. Koyilo ya pa shelefu ya amalume ndi mdzukulu wa mkombero umenewo. Mathiransifoma a ESCOM amene akuba amawagwetsa usiku pofuna kopa ndi a banja lomwelo. Zonsezi ndinaloweza, zina ndinalemba pa mayeso. Chimene sindinaphunzire n'chakuti pa garaji mawu awiriwa ndi zinthu ziwiri zokhala malo osiyana, zolira mosiyana, za mitengo yosiyana.

Komanso mawu oti koyilo kwathu kuno ndi a chisawawa. Ya udzudzu ija timayatsa usiku ndi koyilo. Ya pa hotplate imene imafiira pophika nyemba ndi koyilo, koma iyo ntchito yake ndi kutentha basi. Chilichonse chopotana timachipatsa dzina lomwelo. Solenoidi ndiye sitiitchula n'komwe, chonsecho ili ponseponse. Ma injector amene amalavula petulo mu injini yanga yomweyo ndi timasolenoidi. Makina ochapira zovala a m'nyumba za ku Area 43 akamati tha! madzi n'kuyamba kulowa, ndi solenoidi yatsegula. Majenereta ambiri a dizilo amazima chifukwa solenoidi yatseka njira ya mafuta. Ndipo injini ya dizilo ilibe koyilo ya moto ngakhale imodzi, chifukwa ilibe mapulagi othetheka. Mafuta ake amayaka ndi kutentha kwa mpweya wopanikizidwa.

Sitata itatuluka, anaimanga pa vayisi n'kumasula timabawuti titatu ta kachivindikiro ka solenoidi. Anaweramira pafupi kwambiri, mphuno kutsala pang'ono kugunda chitsulo. Anachotsa magalasi, kuwapukuta pa ovolosi, kuvalanso. Anatembenuzira vayisi kumene kumachokera dzuwa. Ndinaona kuti diso lawo lakumanja lili ndi kamtambo koyera pakati. Ng'ala. Palibe anandiuzapo, ndipo ine sindinafunsepo.

"Iwe, tawalitsa apa ndi foni yakoyo."

Iwe. Ndinayatsa tochi ya foni msangamsanga, dzanja likunjenjemera ngati ndine ndamenyedwa ndi ma volt 20,000 aja.

"Usandiwalitse kumaso. Apa. Ukuona?"

Ndinaona. Tizitsulo tiwiri ta kopa, chilichonse kukula ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Kamodzi kanali kodyeka mpaka kupyapyala ngati lezala, kakuda, kokumbikakumbika ngati msewu wa kwathu nthawi ya dzinja. Kambale kaja nakonso kanali ndi zipsera kuzungulira. Anati nthawi iliyonse imene galimoto ikulizidwa, pamenepa pamathetheka kamoto n'kudya kopa pang'ono. Galimoto yayenda zaka zake ku Japan, yakwera sitima mpaka ku Dar es Salaam, yalowa pa Songwe, yadzazunzika m'mizere ya mafuta ya ku Lilongwe kumene umaliza n'kuzimitsa kamakumi atatu kuti usunthe mamita zana. Kopayo anangotha basi. Kumenya ndi sipanala kuja kunangogwedeza kambaleko kuti kagwere pamalo pamene patsala kopa wabwino.

Anatsegula chitini chakale cha mkaka wa ufa chodzaza tizidutswa ta kopa tochotsa m'masitata akufa. Anasankha tiwiri pongotipapasa ndi zala, osayang'ana n'komwe. Kamodzi kanali kotalika pang'ono, anakapala ndi tupa mpaka kufanana ndi kanzake, chifukwa akati tisiyane msinkhu, kambale kamagunda kamodzi kokha, matenda n'kubwereranso. Kambaleko anakakwecha ndi sandipepa mpaka kuwala. Ine ntchito yanga inali yomwe ija ya ku Kawale: kugwira, kuwalitsa, kukhala chete.

Akugwira ntchito anayamba kuyankhula, osati kwenikweni ndi ine, koma ndi chitsulocho. Anati anyamata a masiku ano akanangochotsa sitata yonse n'kuika ina, ndipo sawadzudzula, chifukwa zambiri zimene zikubwera pano n'zomata, zosati n'kutsegula. Makoyilo angawa, mwachitsanzo, anawathira pulasitiki wolimba mkati, ikafa yafa, sungaizungulizenso. Anakumbuka ma Land Rover akale amene anali ndi kabowo kutsogolo kolowetsapo hendulo, sitata ikakana umangopukusa ndi manja. Ine ndinaponyapo zanga za m'buku, kuti sitata yamagetsi inayamba kutchuka ndi Cadillac ya 1912, ya Charles Kettering, ndipo kale hendulo inkathyola anthu mikono injini ikabweza. Anangoti, "Ehe," ngati mmene umayankhira mwana akakuuza kuti ndege imauluka.

Kenako, akumanga kabawuti komaliza, anati, "Koyilo imagwira ntchito ulendo wonse. Injini ikangoima pa mawayilesi apo ikulira pang'onopang'ono, iliyonse ikuthetheka mwina ka 400 pa mphindi. Ndiye anthu amaidziwa. Koma aka kamagwira masekondi awiri basi. Kakangoikankha injini n'kulira, kamabwerera m'malo mwake, ulendo wonse palibe amakakumbuka. Mpaka tsiku limene kakane."

Sanandiyang'ane. Maso awo anali pa kabawuti, ndipo mwina ankanena za solenoidi basi. Tochi ya foni yanga inatsika yokha mpaka anachita kundikumbutsa kuti ndiwalitse bwino.

Tinabwezeretsa sitata cha m'ma 3 koloko, iwo atagona pansi pa galimoto pa katoni, ine ndikupatsira masipanala. Nditapotokola kiyi, kanalira msanga kuposa tsiku limene ndinakagula. Anati ndizimitse n'kulizanso. Kakhumi. Kakhumi konse kanalira.

"Makoyilo akale aja unataya?"

"Ali m'buti, amalume."

"Ubwezeretse. Atsopanowo ukagulitse, ngakhale modula mtengo. Amayi ako akudikira feteleza."

Ndinangoti kakasi. Anapukuta manja pa kansanza, chala chimodzichimodzi.

"Anandiimbira Lachitatu. Thumba limodzi ndatumiza kale pa minibasi. Linalo ndi lako."

Mawu amene ndinakonza zaka zisanu ndi chimodzi, aja ndinkayeserera ndikusamba, onse anathawa. Ndinangoti, "Amalume, za ku Zomba zija..." Iwo anakweza dzanja ngati wapolisi wa pamsewu.

"Jekete ija ndimapita nayo kutchalitchi. Siinawonongeke."

Ndinafunsa kuti ndipereke zingati. Mumtima ndinkayembekeza kuti akana, kuti ine ndikakamire, tikanganepo pang'ono ngati pachibale. Ayi ndithu. Anatulutsa kakope kawo ka mafuta okhaokha, n'kutchula mtengo umene amatchulira wina aliyense, wosafika ngakhale theka la koyilo imodzi. Ndinapereka. Anawerenga, n'kundibwezera chenji yonse mpaka ka K50, n'kulemba m'kakopemo nambala ya galimoto yanga, zilembo zikuluzikulu chifukwa cha maso aja.

Mvula inayamba kudontha akutseka bokosi la zipangizo. Njinga ija anasiya kupalasa chaka chatha, anati madzulo magetsi a galimoto amawathobwa m'maso, ndiye amayenda wapansi mpaka kudepoti. Ndinati ndikawatule ku Kawale. Anayang'ana ovolosi yawo, n'kuyang'ana mpando wanga, n'kukatenga katoni ija kuti ayale. Ndinaichotsa. Anaibwezeretsa. Ndinaisiya.

Tinawoloka mlatho wa Lilongwe pang'onopang'ono, pakati pa minibasi ndi makabaza, nyama ija itayamba kale kununkha kumbuyo. Ndinafunsa za disolo. Anati anauzidwa kuti n'lochita opaleshoni, koma wowaperekeza ndi kuwadikirira ndiye amasowa, poti azakhali miyendo inayamba kuvuta. Ndinati ndili ndi masiku a tchuthi amene sindinatenge. Sanayankhe. Anali atapendeketsa mutu, khutu lili cha ku dashibodi.

"Tazimitsa wailesiyo."

Ndinazimitsa.

"Ukukamva kakulirako? Tswii, ukaponda mafuta."

Sindinkamva kalikonse koma mvula padenga.

"Lamba wa alutaneta wamasuka. Ubwere nayo Loweruka m'mawa, usanapite pa YouTube pakopo. Ubwere ndi foni yotchaja."